Munda Wachonde Si Puloti: Malangizo kwa Mabanja

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo mizinda ikukulira m'minda. Ku Njewa, Mpingu ndi Chitedze pafupi ndi Lilongwe, kapena ku Lunzu ndi Chileka pafupi ndi Blantyre, pomwe kale pankamera chimanga ndi mtedza tsopano pali mipanda ya njerwa. Ogula mapuloti amafuna malo osalala, osadikha madzi, apafupi ndi msewu. Amenewo ndiwonso malo abwino kulima.

Musanagulitse, werengani

Khalani pansi ndi banja lonse, kuphatikizapo mwinimbumba. Werengani matumba amene mundawo umatulutsa chaka chabwino ndi chaka choipa, muwonjezere nandolo, maungu, nkhwani ndi mapesi a ziweto. Kenaka dzifunseni: ndalama ya wogulayo ingatigulire zakudya zimenezi zaka zingati? Kumbukirani kuti mtengo wa chimanga umakwera mu Januwale ndi Febuluwale, pamene ndalama ija inatha kalekale. Mabanja ambiri amene anagulitsa minda akulipira lendi ya munda chaka ndi chaka, ena akugwira ganyu kwa anzawo.

Mukapanikizika ndi fizi kapena matenda, bwereketsani gawo la munda kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Lemberanani pamaso pa anyakwawa ndi mboni, mutchule malire ndi mwezi wobweza.

Njerwa

Kuumbitsa njerwa m'munda n'kugulitsa munda mobisa. Dothi la pamwamba ndilo lili ndi chonde, ndipo likalowa mu uvuni silibwerera ngakhale muthire feteleza wochuluka bwanji. Otsala ndi maenje oswera udzudzu. Chimodzimodzi kukumba mchenga m'mbali mwa dimba. Nyumba, makola ndi uvuni ziikeni pamtunda wamiyala. Katondo ndi makande muwasiyire khasu.

Zimene lamulo likupatsani

Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola munthu kapena banja kulembetsa munda wawo. Pempho limadzera ku komiti ya malo ya m'dera la agulupu. Agulupu ndiwo wapampando, ndipo mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu kapena kuposa ayenera kukhala amayi. Amayi, musaope kulembetsa dzina lanu pamalo amene mumalima.

Podikira kulembetsa, dzalani khonje kapena mitengo m'malire mogwirizana ndi oyandikana nawo. Munthu akabwera ndi ndalama m'manja, musasaine tsiku lomwelo. Kaonaneni kaye ndi mlangizi wa m'dera lanu kapena ofesi ya za malo ku khonsolo.