Tumani munthu, koma makiyi musunge nokha

Ana anga, inu amene mwayamba kageni kanu pa foni, tamverani kuno. Ndikukuonani. Foni ili m'manja kuyambira tambala woyamba mpaka pakati pa usiku. Dzanja lina likutema nsima, lina likuyankha kasitomala. Wopikula katundu ndinu. Wojambula zithunzi ndinu. Wothamangira kudepoti kukakweza katundu pa basi ndinu nomwe. Ndipo mukudzitama nazo, mukuti palibe angagwire ntchito yanu monga mmene mumagwirira inu. Mutu umodzi susenza denga, ana anga. Pezani wokuthandizani thupi lisanakukaneni.

Kupeza munthuyo sikuvuta. Chovuta ndi kumutuma.

Ine mayi wanu ndimagulitsa zitenje ndi zovala zosoketsa ku Limbe. Makasitomala anga ambiri sindinawaonepo nkhope. Ena ali ku Mzuzu, ena ku Johannesburg, ena ku Leeds. Amaona nsalu pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndalama n'kutumiza pa Airtel Money, pa Mpamba kapena pa Mukuru. Wondithandiza nayenso sakhala nane mushopu. Amakhala kwawo ku Zomba, ndi foni yake ndi laputopu yake, n'kumayankha mauthenga, kulemba maoda ndi kukumbutsa amene achedwa kumalizitsa ndalama. Ntchito imeneyi ndi ija mukuimva masiku ano ya virtual assistant. Kunja inatchuka kwambiri Tim Ferriss atatulutsa buku lake la The 4-Hour Workweek mu 2007, momwe ankalimbikitsa anthu kutuma ntchito zing'onozing'ono kwa othandiza a ku India. Lero ambiri otchuka pa ntchitoyi ndi a ku Philippines, ndipo amapezeka pa masamba monga Upwork ndi Fiverr.

Musatengeke nazo. Kumeneko amalipira madola, ndipo nonse mukudziwa mmene dola ikusowera kuno. Ku Philippines ali patsogolo pathu ndi maola 6, choncho kasitomala wanu akamalemba uthenga madzulo ataweruka kuntchito, kumeneko kuli pakati pa usiku. Komanso kasitomala wathu salemba Chingerezi cha m'buku. Amatumiza mawu ojambula, Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, mwana akulira kumbuyo, n'kumati akufuna "ija yofiira ija munaika dzana ija." Amene angamve zimenezo ali konkuno. Achinyamata omaliza sukulu amene akhala pakhomo opanda ntchito ndi ambirimbiri. Yambani ndi amenewo.

Tsopano mvetserani chimene chinandidyera mpamba.

Mu Novembala 2023 boma linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Amene munali kale pa geni mukukumbukira sabata imeneyo. Opikulitsa nsalu anasintha mitengo nthawi yomweyo, ena anayamba atseka kaye mashopu kuti aone mmene zithere. Ine ndinapita kukapikula, ndinaona mtengo watsopano, ndinawerengera phindu langa ndili m'minibasi, ndipo mtengo wogulitsira ndinaukhazikitsa. Ndinaukhazikitsa m'mutu mwanga. Mtsikana wa ku Zomba uja anali ndi chithunzi cha pepala la mitengo limene ndinamutumizira kalekale, lolemba pamanja, pakona pali dontho la tiyi. Sabata yomweyo kunabwera oda yaikulu, nsalu yofanana ya chinkhoswe, banja lonse, akuchimuna ndi akuchikazi omwe. Iye anatchula mtengo wa papepala lija. Anthuwo poona kutchipa sanachedwe. Analipira zonse tsiku lomwelo.

Ndinamuimbira foni ndikulalata. Ndinamutchula mbuli, ndinamufunsa ngati samvera wailesi. Mwanayo sanandiyankhe mwano. Anangonditumizira chithunzi cha pepala lija, ndi uthenga wanga womwe ndinalemba pansi pake wakuti asasinthe mtengo uliwonse popanda ine kunena. Ndinakhala chete. Iye anachita ndendende zimene ndinamuuza.

Nsalu ndinapereka, chifukwa munthu wa chinkhoswe sungamubwezere ndalama tsiku litayandikira. Ndinapereka pa mtengo wotsika kuposa umene ndinagulira. Telala ndinamulipira za m'thumba. Fizi ya mwana wanga inachedwa teremu imeneyo, ndipo ndinakagwada kwa amayi anzanga a banki mkhonde kukatenga ngongole yachiwongoladzanja. Zonsezi chifukwa cha uthenga umodzi umene sindinalembe.

Ndiye ndikuti lembani. Zimene zili m'mutu mwanu wothandiza wanu sazidziwa. Sali pafupi kuti aone nkhope yanu yasintha. Samva zimene mukukambirana ndi opikulitsa. Amadziwa zokhazo zimene mwamuuza, basi. Lembani mitengo pamalo amodzi. Ine masiku ano ndimasunga pa Google Sheets, pomwe wosintha ndi ine ndekha, iye amangotha kuona, ndipo pamwamba pamakhala deti la tsiku limene ndasintha komaliza. Mtengo ukasintha ndili ku msika, ndimaima pambali n'kusintha pomwepo ndisanakwere minibasi. Osati mawa. Pomwepo.

Pomutuma musamangoti, "Uwasamale makasitomala." Mawu amenewo alibe mutu. Muuzeni ntchito yake ndi iti, ithe liti, ndipo zikavuta atani. Kasitomala akanenerera, angatsitse mpaka pati? Wina akapempha ngongole, ayankhe chiyani? Nsalu imene akufuna ikatha, amuonetse ina kapena ayambe wafunsa inu? Mayankho amenewa alembedwe. Mawu ojambula pa WhatsApp amakoma potumiza, koma amamira pansi pa mauthenga ena, ndipo tsiku la mkangano palibe amene amawapeza. Mukamaliza kufotokoza, muuzeni abwereze m'mawu ake zimene wamva. Mudzadabwa. Mwana wolemekeza amayankha kuti "chabwino, mayi" ngakhale sanamve kanthu, chifukwa kwathu kuno kufunsa wamkulu kawiri kumaoneka ngati mwano. Muuzeni poyera kuti kwa inu kufunsa si mlandu. Safunsa anadya phula, koma nthawi zina amene anamudyetsa phulayo ndi bwana waukali amene safunsika.

Ndipo musamupatse zonse tsiku limodzi. Ayambe ndi ntchito imene ikalakwika simungalire nayo: kuyankha moni, kutumiza zithunzi za nsalu, kulemba mayina ndi malo otumizako katundu. Akaidziwa imeneyo, onjezerani ina.

Pali zina zimene simupereka ngakhale atakhala wokhulupirika chotani. Apa ndiye mutchere khutu.

Asanabwere wa ku Zomba uja, ndinali ndi mnyamata wina, mwana wa anansi, wochangamuka pa zamakono. Ine zinthu zimenezi zinkandizunguza mutu, ndiye ndinamuuza kuti anditsegulire tsamba la bizinesi pa Facebook. Anatsegula, koma pa akaunti yake. Nambala imene inalembedwa pa tsambalo inali ya simu kadi yake. Ine ndinkangosangalala kuti maoda akubwera. Titasemphana mawu n'kusiyana, tsamba linapita naye. Makasitomala onse amene ndinawasonkhanitsa ndi thukuta anapita naye. Zithunzi za madiresi osokedwa mushopu mwanga zinatsala kumeneko, ndipo anthu ankaitanitsabe katundu poganiza kuti akulankhula ndi ine. Ndikanakadandaula kwa yani? Pa maso pa aliyense tsambalo linali lake. Ndinayambiranso pa ziro, mayi wamkulu ndithu, kupempha anthu m'magulu a kutchalitchi kuti andithandize kufalitsa nambala yatsopano.

Wantchito mumamutsegulira chitseko kuti alowe agwire ntchito, koma makiyi a nyumba amagona m'thumba mwanu. Tsamba litsegulidwe pa akaunti yanu. Simu kadi ya bizinesi ilembetsedwe ndi chiphaso chanu cha unzika, osati cha mnzanu, osati cha chibwenzi chanu. Wokuthandizaniyo safunika pasiwedi yanu kuti agwire ntchito. Pa Meta Business Suite mutha kumulola kuyankha mauthenga ndi kuika zithunzi, mphamvu yochotsa kapena kuonjezera anthu n'kukhala ndi inu. WhatsApp imalola kulumikiza zipangizo zina mpaka zinayi ku nambala imodzi, ndiye iye atha kuyankha makasitomala pa laputopu yake simu kadi ili m'foni mwanu, ndipo tsiku limene mwafuna mumangomudula. Manambala 6 aja amene amabwera pa uthenga polembetsa WhatsApp musatumizire munthu aliyense. Aliyense. Wokupemphani manambala amenewo akufuna kusamutsa nambala yanu.

Za ndalama ndiye sindifuna n'komwe kukambirana. PIN ya Airtel Money kapena ya Mpamba ndi yanu nokha. Ndalama za makasitomala zilowe ku nambala yanu kapena ku akaunti yanu ya kubanki, zisadzere kwa iye, ngakhale "kwa lero lokha." Sindikunena kuti ndi wakuba. Ndikunena kuti musamuike m'mayesero mwana wa eni ake. Ndalama zikakhala m'foni mwake, mayi ake n'kudwala usiku, adzabwerekako ndi mtima woti abweza, ndipo ubale wanu udzathera pomwepo. Mumuuzenso lamulo ili: katundu sanyamuka chifukwa kasitomala watumiza chithunzi cha risiti. Zithunzi zimenezo akathyali amazipanga. Katundu amanyamuka inu mukaona ndi maso anu kuti ndalama zalowa.

Mwina mukufunsa chimene tinayambanirana ndi mnyamata uja. Ndinkamulipira mochedwa. Mwezi ukatha ndinkati adikire kaye ndipikule katundu, ngati kuti iye sadya. Bandulo ankagula ndi ndalama zake. Popeza sindinkamuona akutuluka thukuta, ndinkaona ngati sakugwira ntchito yeniyeni, akungoseweretsa foni. Zimene anachita potenga tsamba langa sizinali zabwino, koma njira yake ndinamulambulira ndine.

Inu musatero. Gwirizanani malipiro, tsiku lolipira ndi maola ogwira ntchito, ndipo zilembedwe, aliyense asunge. Tsikulo likafika lipirani, ngakhale inuyo mugone ndi njala. Bandulo ndi yanu kugula, chifukwa ndi khasu la ntchito yanu. Magetsi akazima kwawo foni n'kuthima, si ulesi, muthandizeni kupeza chotchajira. Ndipo poti foni amagona nayo, sindiye kuti mwamugula usiku ndi usana. Uthenga wa 11 koloko usiku udikire kuche. Lamulungu musiyeni apemphere. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Mukapsa kamodzi mudzafuna kumayang'ana chilichonse. Imeneyonso ndi mbuna. Ine nditaluza tsamba lija ndinasanduka wapolisi. Uthenga uliwonse umene wa ku Zomba uja ankayankha, ine ndinkauwerenga, n'kuukonza, nthawi zina n'kuyankhanso pamwamba pake kasitomala akuona. Mwanayo anafika posiya kuganiza. Chilichonse ankafunsa, ngakhale moni. Ndinkalipira munthu, koma ntchito yonse inabwerera pamutu panga, n'kuonjezerapo ntchito yomulondera. Kumbukirani nkhani ya pa Eksodo 18. Yetero anapeza mkamwini wake Mose akuweruza yekha milandu ya anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo anamulangiza kuti asankhe anthu odalirika oweruza milandu ing'onoing'ono, yovuta yokha ndiyo izifika kwa iye. Chitani zomwezo. Ine ndimangofuna lipoti lalifupi madzulo: maoda alowa angati, ndani sanamalize kulipira, ndi chiyani chikudikira ine. Kamodzi pa sabata timaimbirana n'kukambirana bwinobwino. Akalakwitsa ndimamuuza kumbali, osati pamaso pa kasitomala. Akachita bwino ndimamuuzanso, chifukwa munthu wogwira ntchito yekha m'chipinda sadziwa ngati akukondweretsa kapena ayi.

Milandu yovuta ndi iti? Kasitomala wokwiya chifukwa diresi lafika lothina ukwati uli mawa, ameneyo ndi wanu. Muimbireni nokha, amve mawu anu, mupepese nokha. Kubweza ndalama, kupereka ngongole, kusintha mtengo, kusankha opikulako katundu, zonsezo ndi zanu. Musabisale kumbuyo kwa mwana wolembedwa ntchito.

Ena mwa inu mukuti simufuna munthu, muli ndi ChatGPT. Chiyambire kutuluka kwake mu Novembala 2022, achinyamata mwaikonda zedi, ndipo sindikukuletsani. Imathandiza kukonza kalata ya Chingerezi kapena mawu otsatsira malonda. Koma mtengo wa nsalu ku Limbe lero siidziwa, ndipo ikapanda kudziwa imatha kupeka yankho mosaphethira. Werengani chilichonse chimene yalemba musanatumize. Manambala a foni ndi maadiresi a makasitomala anu musamangowathira m'menemo. Anthuwo anakupatsani inu.

Tsiku lina wokuthandizaniyo adzachoka. Adzapeza ntchito yabwino, adzakwatiwa, adzapita kusukulu. Musamukwiyire. Mulipireni zake zonse mpaka tambala yomaliza. Mupempheni alembe maoda amene sanathe ndi malonjezo amene anapereka kwa makasitomala, kuti wobwera pambuyo pake asayambire mumdima. Akafuna kalata ya umboni, mulembereni yabwino. Kenako tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, muchotseni pa tsamba, dulani laputopu yake ku WhatsApp, mutsekereni pa pepala la mitengo, ndipo musinthe mapasiwedi onse.