Yona, Yezu ndi mwera wa panyanja yathu

Amayi, pamsonkhano wa bungwe mwezi uno tsegulani buku la Mneneri Yona. Ndi lalifupi, mitu 4 yokha, moti mukhoza kulimaliza madzi a nsima asanawire. Ambiri timangokumbukira chinsomba chimene chidammeza. Koma kwa ife a ku Senga Bay, Lifuwu ndi Chipoka, amene amuna ndi ana athu amachezera panyanja kusaka usipa, mutu woyamba ndiwo umatikhudza kwambiri.

Tiyambe ndi m'mene Mpingo umawerengera Chipangano Chakale. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika (ndime 128 mpaka 130) amaphunzitsa kuti anthu ndi zochitika za m'Chipangano Chakale zinkalozera kwa Khristu. Isaki adasenza nkhuni za nsembe yake kukwera phiri, monga Yezu adasenzera mtanda. Yosefe adagulitsidwa ndi abale ake, koma ndi yemweyo adadzawadyetsa njala itagwa. Taganizirani asodzi akamachokera kudooko m'mamawa: dzuwa limatuluka kunyanja, kumbuyo kwawo, ndiye chithunzithunzi chawo chimayamba ndicho kufika pakhomo. Mumadziwa kuti bambo akubwera, koma madzi osamba simupatsa chithunzithunzicho. Yona nayenso ndi chithunzithunzi, ndipo Ambuye Yezu eniake ndiwo adamutchula kuti ndi chizindikiro chawo (Mateyo 12:38-41).

Nkhani yake ili motere. Mulungu adatuma Yona ku Ninive, mzinda waukulu wa Aasiriya, umene mabwinja ake ali pafupi ndi Mosul m'dziko la Iraq. Aasiriya anali adani oopsa. Ndiwo adagonjetsa Samariya cha m'ma 722 Khristu asanabadwe. Yona sadafune kuti anthu otere akhululukidwe, choncho adapita ku Yopa nakakwera chombo cholowera kwina. Panyanja padauka namondwe, chombo chidatsala pang'ono kusweka, oyendetsa chombo nkumataya katundu m'madzi. Mwiniwake wa mlandu anali m'munsi mwa chombo, ali m'tulo tofa nato.

Tsopano tsegulani Marko 4:35-41. Nyanja ya Galileya ndi yaying'ono, m'litali mwake makilomita pafupifupi 21, pamene yathuyi imapitirira 500, koma mphepo yake imadzuka mwadzidzidzi. Apanso pali bwato lodzaza madzi, anthu ogwidwa mantha, ndi munthu mmodzi wogona amene akudzutsidwa mokalipiridwa. Nkhani ziwirizi zimathera pamodzi: nyanja ichita bata, otsalawo nkuyamba kuopa Mulungu kuposa m'mene amaopera mafunde. Pambuyo pake Yona adakhala masiku atatu m'mimba mwa nsomba, Yezu masiku atatu m'manda, onse nkutuluka amoyo. Nchifukwa chake akhristu oyamba ku Roma ankakonda kujambula Yona pa makoma a manda awo a pansi pa nthaka. Za mtundu wa nsombayo musatayepo nthawi. Bukulo silitchula, ndipo sikuti idali kampango.

Komabe phunziro lalikulu lili pamene awiriwa akusiyana. Yona adagona pothawa ntchito, Yezu adagona atatopa nayo ntchito. Yona adaponyedwa m'madzi chifukwa cha kulakwa kwake. Yezu adalowa mu imfa alibe tchimo, chifukwa cha kulakwa kwathu. Anthu a ku Ninive atalapa, Yona adakwiya mpaka kupempha imfa, pamene Yezu ali pamtanda adapempherera omupha.

Pali chinthu china m'chombo muja chimene sitiyenera kuchidumpha. Namondwe atakula, oyendetsa chombo adachita maere kuti adziwe amene wawaputira tsokalo. Kodi nzachilendo kwa ife? Mwera ukawomba m'miyezi yozizira, bwato nkugubuduzika, mtembo usanapezeke nkomwe manong'onong'o amakhala atayamba kale pamchenga. Akuti mwanayo ankadziwa kusambira, ndiye pali dzanja la munthu. Ena athamangira kukaombeza. Ndipo chala sichiloza munthu wamphamvu. Chimaloza agogo okhala okha kumapeto kwa mudzi, kapena mayi wamasiye amene mwamuna wake ndiye wamira, achibale nkupezerapo mpata womulanda maukonde ndi nyumba. Tinene zoona, mawu oterewa kawirikawiri amayendera pakamwa pathu amayi, kuchitsime ndi pa thandala loyanikira usipa.

Wina anena kuti, nanga maere aja sadagwere Yona weniweni? Inde adamugwera. Koma onani bwino: Yona adaulula yekha mlandu wake, ndipo ndi iye adati amuponye. Ngakhale zidatero, anthu aja, amene sanali Aisraele nkomwe, adayamba apalasa mwamphamvu kuti afike naye kumtunda (Yona 1:13), poopa kusenza magazi a munthu. Ife obatizidwa timafulumira kuposa iwo. Chachiwiri, uku nkuima pa chithunzithunzi mwiniwake atafika kale. Yezu m'bwato muja sadafunse kuti wochimwa ndani; adadzudzula mphepo. Atamuuza za anthu ophedwa, adakumbutsa za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idawagwera, nakana kuti iwowo anali ochimwa kuposa anzawo (Luka 13:1-5). Za munthu wobadwa wosaona adakananso kuloza iye kapena makolo ake (Yohane 9:1-3). Maganizo akuti mmodzi atayidwe kuti enafe tipulumuke anali a Kayafa (Yohane 11:49-50), ndipo wotayidwayo adali Ambuye. Iwo adalola kuponyedwa kamodzi kokha m'malo mwa tonse. Tikamafunanso wina woti timuponye m'madzi, ndiye kuti tikunena kuti imfa yawo sidakwanire.

Mpingo umaletsa kuombeza kwa mtundu uliwonse (Katekisimu, ndime 2116), ndipo lamulo la dziko lino la 1911 lokhudza ufiti limati kuneneza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mayi wa bungwe akamva mnzake akutchulidwa pamaliro, asakhale chete. Akakhale naye pafupi pasiwa kuti onse aone, ndipo akadziwitse atsogoleri a mphakati, bambo mfumu ndi amfumu a m'mudzi zinthu zisanafike pa miyala ndi moto. Mafunso oyenera kufunsa ngozi ikachitika alipo ndithu: kodi chenjezo la mwera la a zanyengo lidamveka pa wailesi? Bwatolo lidanyamula anthu angati? Mudali majekete oyandamitsa? Anyamatawo adanyamuka atamwa? Mayankho a mafunso amenewa angathe kupulumutsa bwato la mawa.

Mutu 3 wa Yona timaumva pa Misa Lachitatu la sabata yoyamba ya Lenti, pamodzi ndi Luka 11:29-32. Mutu 4 sitiumva kawirikawiri, choncho muuwerenge mokweza pamsonkhano. Yona akulirira kamtengo kamene kadamupatsa mthunzi tsiku limodzi, ndipo Mulungu akumufunsa ngati Iye sayenera kumvera chisoni anthu oposa 120,000 a mumzindawo pamodzi ndi ziweto zawo. Bukulo lathera pa funso lomwelo, yankho la Yona silidalembedwe. Mukatha kuwerenga, amayi awiri apite kukaona wamasiye kapena agogo amene mukudziwa kuti dzina lawo lakhala likutchulidwa m'mudzi mwanu.