LIŴIRO LA MAPU NDI KAMPASI

Munthu wa ku Neno amadziŵa kuti mtunda sauyeza ndi makilomita okha. Wochokera kwa Dambe, kumapiri a m'malire ndi Mozambique, akafuna kutsikira ku Boma amayamba waganiza: kodi adzere njira yachidule yodula chigwa ndi kuwoloka mtsinje, kapena atsate msewu wozungulira, umene uli wautali koma wosatopetsa? Nthaŵi ya dzinja yankho lake limasintha. Kumaiko a ku Ulaya kuganiza kotereku anakusandutsa maseŵera, ndipo alipo anthu amene ntchito yawo ndi kukonzekera maseŵeraŵa ndi kuyenda maiko kukapikisana. Pa Chingerezi dzina lake ndi orienteering.

Ku Malaŵi maseŵeraŵa sanazike mizu. Ofananako pang'ono ndi liŵiro la onyamula katundu la paphiri la Mulanje, limene limayambira pa Likhubula chaka ndi chaka ndi kukwera phiri mtunda woposa makilomita 20. Koma ku Mulanje njira imakhala yodziŵika kale kwa onse. Pa orienteering njira munthu amasankha yekha, ali pa liŵiro.

Wothamanga amapatsidwa mapu pa nthaŵi yeniyeni yonyamuka. Pamapupo pamakhala timikombero tosonyeza malo amene ayenera kufikapo motsatana: pamwala wakuti, pakasupe, padzenje, pamakumano a timitsinje tiŵiri. Pamalo paliponse pamakhala kambendera, mbali ina koyera, mbali ina ka mtundu wa nachesi lakupsa. Wothamangayo amavala kachipangizo kuchala kamene kamalemba nthaŵi imene wafika pakambendera kalikonse. Anthu amanyamuka mmodzimmodzi, motalikirana mphindi ziŵiri kapena zitatu, kuti wina asangotsata mnzake kumbuyo. Wopambana ndi amene wafika pa timbendera tonse m'nthaŵi yochepa.

Maseŵeraŵa anayamba pakati pa asilikali a ku Sweden ndi ku Norway, ndipo mpikisano woyamba wa anthu wamba unachitika pafupi ndi mzinda wa Oslo m'chaka cha 1897. Bungwe loyang'anira maseŵeraŵa padziko lonse linakhazikitsidwa mu 1961, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Fiskars, m'dziko la Finland, mu 1966.

Miyendo ndi mutu

Kukonzekera kwa wothamanga wotere kuli paŵiri. Miyendo amailimbitsa monga achitira othamanga ena onse: masiku ambiri amathamanga kaŵiri, m'maŵa ndi madzulo, nthaŵi zina mtunda wautali pang'onopang'ono, nthaŵi zina kukwera chitunda mwamphamvu ndi kutsika, kubwerezabwereza. Koma iye sathamanga pabwalo losalala. Amaloŵa m'thengo, m'madambo, m'miyala ndi pazipika zakugwa, chifukwa phazi lozoloŵera msewu limabinya msanga m'nkhalango. Mpikisano wautali umatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka. Waufupi, wa m'misewu ya m'mizinda, sufika n'komwe mphindi 20.

Mutu ndiwo umafuna zaka zambiri. Mapu a maseŵeraŵa ndi osiyana ndi mapu a boma amene ana amaona kusukulu. Pa mapu a boma a 1:50,000, sentimita imodzi imaimira mamita 500. Pa mapu a mpikisano a 1:15,000, sentimita imodzi imaimira mamita 150 okha, kotero kuti mwala wofika m'chiuno ndi kadzenje kakang'ono zimaonekera. Mtundu woyera umasonyeza nkhalango yothamangika, wobiriŵira umasonyeza zitsamba zoŵirira, wachikasu ndi malo a poyera, wobiriŵira ngati thambo ndi madzi, ndipo timizere tofiirira timasonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Wothamanga amapinda mapuwo, naika chala chachikulu pamalo pamene ali, n'kumachisuntha pamene akupita. Ambiri amaŵerenganso mapazi awo kuti adziŵe pamene atha mamita 100.

Vuto lalikulu ndi lakuti munthu akatopa kwambiri nzeru zimachepa. Wothamanga amene wapitirira mphamvu zake amayamba kuona phiri lina ngati linzake, amakhotera m'chigwa chosayenera, ndipo mphindi zisanu zimene anazipeza ndi thukuta zimatayika pakamodzi. Chifukwa cha ichi akatswiri amaphunzira kuchepetsa liŵiro pang'ono akayandikira malo ovuta. Akasokera amaima, nabwerera pamalo omaliza amene anali kuwadziŵa bwino. Wouma mutu, amene amangopitirira ndi chikhulupiriro chakuti njira ioneka kutsogolo, ndiye amafika dzuŵa litapendeka. Alenje ndi otola nkhuni a m'mapiri a Neno sangadabwe nazo zimenezi.

Maulendo

Malo amene kudzachitikire mpikisano waukulu amatsekedwa kwa opikisana zaka zingapo mpikisanowo usanafike. Wopezeka ataloŵamo amachotsedwa. Tsono wothamanga amayenda ulendo kukakhala masabata angapo m'nkhalango zina za dziko lomwelo zofanana ndi malo otsekedwawo, kuti maso ake azoloŵere miyala, mitengo ndi kajambulidwe ka mapu a kumeneko. Nkhalango za ku Finland n'zodzala ndi timapiri ting'onoting'ono ndi madambo. Za ku Switzerland n'zotsetsereka kwambiri. Za ku Australia, kumene kunachitikira mpikisano wa dziko lonse mu 1985, n'zouma ndi za miyala ikuluikulu. Wopambana kwawo akhoza kukhala mwana wa sukulu kwa eni ake.

Ngakhale kampasi imene imasintha khalidwe paulendo. Singano ya kampasi yopangidwira maiko a kumpoto imapendama ikafika kumwera kwa dziko lapansi, kuno kumene kuli Malaŵi, ndipo imakhula pansi m'malo mozungulira momasuka. Wopita ku Australia kapena ku South Africa amagula ina.

Chaka cha wothamanga chimatsata misonkhano ikuluikulu. M'mwezi wa June ku Finland kumachitika mpikisano wopatsirana wotchedwa Jukola, umene unayamba mu 1949: amuna 7 pagulu, kuyamba usiku atavala nyali pamphumi mpaka kutacha. Mu July ku Sweden kuli O-Ringen, wa masiku 5, umene unayamba mu 1965 ndipo umasonkhanitsa anthu oposa 10,000, ana ndi nkhalamba zomwe, ambiri akugona m'matenti. Simone Niggli wa ku Switzerland anayenda maulendo otere zaka zoposa 10, napata mamendulo a golide 23 pa mipikisano ya dziko lonse pakati pa 2001 ndi 2013. Mu 2003 kwawo, ndiponso mu 2005 ku Japan, anapambana mipikisano yonse inayi. Anabereka mwana mu 2008 ndi mapasa mu 2011, ndipo maulendo onse aŵiri anabwerera napambananso.

Ulendo uli ndi zoopsa zake zimene sizioneka pamapu. M'nkhalango zambiri za ku Ulaya muli nkhupakupa zofalitsa matenda otupitsa ubongo, kotero othamanga amalandira katemera asanapite, ndipo madzulo alionse amadziyang'ana thupi lonse. Wopita kudziko lotentha amafika masiku angapo mpikisano usanayambe kuti thupi lizoloŵere, ndipo amamwa madzi ambiri aukhondo. Zomwezo zimamchitikira munthu wa kumtunda kozizira kwa Nsambe akatsikira ku Lisungwi kapena ku Zalewa m'mwezi wa October: thupi lake limataya madzi msanga kuposa la mwini dera, ndipo malungo a kuchigwa amamgwira mosavuta ngati sagona m'neti.

Chikasu cha ku Sweden

Pakati pa 1957 ndi 1963 othamanga 568 a ku Sweden anadwala matenda a chiŵindi. Maso ndi khungu zinasanduka zachikasu, mkodzo unada, ndipo anyamata amphamvu anagona masabata ambiri. Madokotala anadabwa, chifukwa oseŵera mpira ndi othamanga a pabwalo sanali kudwala chotere.

Atafufuza anapeza kuti gwero lake linali timabala ting'onoting'ono. Masiku amenewo ambiri anali kuthamanga atavala makabudula, ndipo pafupifupi aliyense anali kutuluka m'nkhalango miyendo itakalikakalika ndi minga, magazi akutuluka pang'ono. Akamaliza anali kusamba pamodzi m'mabeseni ndi m'maiŵe a madzi osayenda, ena kubwerekana sopo ndi matawulo. Munthu mmodzi wokhala ndi kachilombo m'magazi ake anali wokwanira kupatsira ambiri. Akuluakulu a maseŵera analamula kuti aliyense azivala zofunda miyendo ndi thupi, nakonzanso kasambidwe. Matendawo anatha. Lamulolo atalifeŵetsa patapita zaka zoŵerengeka, matenda anabweranso, ndipo analikhwimitsanso. Mpaka lero othamanga a ku Sweden amaloŵa m'nkhalango atavala mathalauzi.

Matendaŵa ndi amene tsopano amatchedwa hepataitisi B, ndipo ku Malaŵi alipo ambiri. Kachilombo kake kamayenda m'magazi, m'kugonana, ndiponso kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana pobadwa. Kamatha kukhala ndi moyo pa lezala kapena pa singano kwa sabata yathunthu. Munthu akhoza kukhala nako zaka zambiri osamva kanthu, kenaka chiŵindi n'kuuma kapena kugwidwa ndi khansa. Ngati timabala ta minga tinadwalitsa anthu mazanamazana, nanga lezala limodzi lotemera mphini banja lonse, kapena lometera anyamata khumi motsatana? Kuyambira mu 2002 katemera wa matendaŵa ali m'gulu la akatemera amene ana amalandira kusikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Mwana amene walandira kamodzi kapena kaŵiri kokha sanatetezeke mokwanira, ngakhale ulendo wa kusikelo ukhale wa maola atatu kukwera mapiri.

Mtima ndi kutentha thupi

Tsoka lachiŵiri linali loŵaŵa koposa. Pakati pa 1979 ndi 1992 othamanga achinyamata 16 a ku Sweden, amuna 15 ndi mkazi mmodzi, anafa mwadzidzidzi, ambiri ali pa liŵiro kapena atangomaliza. Ena mwa iwo anali akatswiri oimira dziko lawo. Poyeza mitembo madokotala anapeza kuti ambiri mnofu wa mtima wawo unali wotupa kapena wa zipsera, monga umakhalira tizilombo tikaugwira.

Anthu ameneŵa anali ndi chizoloŵezi chimene ambiri amachiyesa chamuna. Chimfine, zilonda za pakhosi kapena kutentha thupi sizinali kuwaletsa. Munthu amene wakonzekera chaka chonse, walipira ulendo, ndipo anzake pagulu akumdalira, sakhala pansi chifukwa cha chifuwa. Kumapeto kwa 1992 akatswiri onse a m'dzikomo anauzidwa kuti aleke kuthamanga ndi kupikisana kwa miyezi pafupifupi 6, ndipo anayezedwa mitima. Atayambiranso anali ndi lamulo latsopano: wodwala asathamange, ndipo akachira ayambe pang'onopang'ono. Imfa zotsatizana zija zinalekeka.

Tizilombo toyambitsa chimfine ndi matenda ena otenthetsa thupi nthaŵi zina timafika pamtima. Munthu akapumula, kaŵirikaŵiri mtima umachira wokha. Akaukakamiza ndi ntchito yolemetsa, kutupako kumakula ndipo kagundidwe kake kakhoza kusokonezeka. Mtima sudziŵa ngati mwini wake akuthamangira mendulo kapena akusenza thumba la mbatatesi kukwera chitunda kuti apeze galimoto la kumsika. Mlimi amene thupi latentha nthaŵi yopalira, mnyamata wa kabaza, ndi woseŵera mpira wa m'mudzi ali pa chiopsezo chimodzimodzi. Kutentha thupi ku Neno kuyenera kuyezedwa msanga, chifukwa akhoza kukhala malungo. Ndipo womwa mankhwala a malungo amalize masiku onse atatu asanabwerere ku khasu. Kuŵaŵa pachifuwa, befu pa ntchito yopepuka, mtima kugunda modukizadukiza kapena kukomoka pambuyo pa chimfine ndi zizindikiro zofunika chipatala tsiku lomwelo. Wodwala wotere asakwere mapiri ndi miyendo yake. Abale amnyamule, kapena auze mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kuti athandize kupeza mayendedwe.

Malamulo ena aŵiri a maseŵeraŵa anabadwa chifukwa chakuti m'nkhalango munthu amakhala yekha. Aliyense amene wanyamuka ayenera kukaonekera pomalizira, ngakhale atalephera mpikisano, kuti anthu asachezere kumfunafuna usiku. Ndipo wopeza mnzake atavulala ayenera kuima. Mu 2009, pa mpikisano wa dziko lonse ku Miskolc m'dziko la Hungary, amuna anayi anali kutsogolo pa chigawo chomaliza cha liŵiro lopatsirana. Martin Johansson wa ku Sweden anabayidwa ndi mtengo pantchafu, bala lakuya ndithu. Thierry Gueorgiou wa ku France, Anders Nordberg wa ku Norway ndi Michal Smola wa ku Czech Republic anaima onse atatu. Anamanga balalo ndi malaya kuti magazi aleke, mmodzi anathamanga kukaitana dokotala, ndipo enawo anamnyamula kupita naye kumsewu. Johansson anachira. Atatu aja anamaliza mpikisano pamodzi, ali kumbuyo kwenikweni, ndipo golide anapita ku Switzerland.