Malangizo Osamalira Chikwa cha Gulugufe

Chikwa chimaoneka ngati chakufa, koma m'kati mwake mbozi imakhala ikusanduka gulugufe. Ana amatola zikwa pamitengo ya mandimu, pakhoma kapena m'dothi polima, ndipo zambiri zimafera m'manja mwawo. Makolo ndi aphunzitsi, athandizeni motere:

1. Chikakhala pabwino, chisiyeni pomwepo. Chichotseni pokhapokha ngati nthambi yake yadulidwa kapena mtengowo ukufuna kupoperedwa mankhwala.

2. Musachimatule. Chikwa cha gulugufe wakuda wamadontho achikasu, yemwe mbozi zake zimadya masamba a mandimu ndi malalanje, chimamatirira kunthambi ndi kumchira, ndipo kaulusi kamachigwira m'chiuno. Dulani kanthambi konseko, mukakaimike monga kanalili. Chikwa chogwa pansi chigonekeni pakansalu kofewa.

3. Chiikeni m'ndowa kapena m'botolo lalikulu, pakamwa pake mumangepo nsalu yopyapyala yolowetsa mpweya. Neti ya udzudzu ayi, chifukwa maneti ambiri ndi onyikidwa m'mankhwala opha tizilombo.

4. Imikanimo kamtengo kokhakhala. Gulugufe akangotuluka amafuna pokwera ndi polendewera kuti mapiko atambasuke. Akasowa pogwira, mapiko amauma ali okwinyika ndipo sadzaulukanso.

5. Chikwa chomwe mwachifukula pansi chibwezereni m'dothi lofewa la pomwepo, muchikwirire pang'ono. Agulugufe ambiri ausiku, kuphatikizapo omwe mbozi zawo ndi matondo timadya aja, amasandulikira m'nthaka.

6. Sungani ndowayo pamthunzi, monga pakhonde. Dzuwa likamawomba pabotolo, chikwa chimapsa. Italikitseni ndi utsi wa kukhitchini, koyilo ndi mankhwala opopera udzudzu. Nyerere zimadya zikwa, choncho khazikani ndowayo m'beseni lokhala ndi madzi pang'ono.

7. Chikwa sichidya kapena kumwa. M'nyengo yotentha ya Okutobala, wazani timadontho tamadzi pansalu kapena padothi mwa apo ndi apo. Madzi akachuluka chimachita chuku n'kuwola.

8. Fatsani. Kukamatentha, agulugufe ambiri amasana amatuluka pakatha sabata imodzi kapena zitatu, koma kukazizira amachedwa. Zikwa za matondo zimatha miyezi 6 kapena kuposerapo m'nthaka, kudikira mvula. Musachifinye kapena kuchigwedeza pofuna kudziwa ngati chili moyo. Mukaona kabowo kakang'ono m'mbali, ndiye kuti mavu kapena ntchentche zinaikiramo mazira, chikwacho chinafa.

9. Chikwa chikada, mitundu ya mapiko n'kumaonekera, tsiku layandikira. Gulugufeyo musamuthandize kutuluka, ndipo mapiko musawakhudze kwa maola angapo mpaka aume. Timadzi tofiirira tomwe amatulutsa si magazi, ndi zotsalira za m'thupi.

10. Mumasuleni tsiku lomwelo pafupi ndi pomwe munatola chikwacho, wamasana dzuwa likuwala, wausiku kukamada.

11. Chenjerani ndi zikwa za m'munda wa chimanga. Kachikwa kosalala, kofiirira, kotalika pafupifupi masentimita 1.5 kangakhale ka ntchemberezandonda, zomwe zinawononga chimanga mpaka boma linalengeza za ngozi mu Disembala 2017. Kotere musakasunge: kaphwanyeni kapena kaponyereni nkhuku. Mukakayika, funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu.

Agulugufe amanyamula mungu wa maluwa, ndipo mbozi zawo zimadyetsa mbalame komanso anthu. Mwana yemwe wadzionera yekha gulugufe akutuluka m'chikwa saphanso tizilombo mwachisawawa. Mupatseni mwayi umenewu, koma gulugufeyo abwerere kutchire ali wamoyo.