Musakwirire manhole pokonza pabwalo

Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mabanja ambiri m'mawodi athu amakhala kalikiliki kukonza pabwalo. Ena amathira konkire, ena amayala timiyala ta simenti totchedwa pavers, pofuna kuthana ndi fumbi la m'chilimwe komanso matope a m'dzinja. Ntchitoyi ndi yotamandika. Vuto limayamba mmisiri akafika pa chivindikiro cha manhole kapena cha septic tank, n'kuona ngati chikunyansitsa bwalo, kenaka n'kuchikwirira.

Tiyambe ndi ntchito ya manhole. Paipi yochotsa zonyansa za m'chimbudzi, yomwe kawirikawiri imakhala ya mamilimita 110, imadalira kutsetsereka kokha. Palibe injini yokankha. Pamene paipi ikukhota, kapena pamene ya kubafa ikukumana ndi ya kuchimbudzi, ndi pomwe zinthu zimatsakamira: matewera, nsanza, mafuta a m'khitchini oundana, ngakhalenso mizu ya mitengo. Amisiri amamanga manhole pamalo oterewa kuti pulambala azilowetsapo ndodo zake paipi ikatsekeka. Chivindikiro chikakhala poonekera, ntchitoyo siitenga nthawi. Chikakwiririka, pulambala amayamba kugogoda pabwalo, kumvetsera pomwe pakumveka mphako, ndipo akaphonya amaswa pawiri kapena patatu. Mwini nyumba amalipira kuswako, kutsegula paipi, n'kugulanso simenti yokonzera, uku banja likupempha chimbudzi kwa aneba.

Choncho ntchito isanayambe, zungulirani nyumba pamodzi ndi mmisiri wanu, muwerenge zivindikiro zonse. Yezani mtunda wa chilichonse kuchokera pangodya ya nyumba, mulembe papepala ndipo mulisunge pamodzi ndi zikalata za puloti. Amene adzachite lendi kapena kugula nyumbayo sadzadziwa zomwe zili pansi pokhapokha mutawasiyira pepalalo.

Bwalo likamakwera, manhole akwerenso. Mmisiri awonjezere njerwa pamakoma ake mpaka chivindikiro chilingane ndendende ndi pamwamba pa bwalo latsopano. Chikatsika, madzi a mvula amadikhapo n'kumalowa. Chikakwera, ana ndi agogo amapunthwapo. Kwa amene sakufuna kuona chitsulo pakati pa bwalo lokongola, njira ilipo: wowotcherera zitsulo akhoza kupanga chivindikiro chonga thileyi chokhala m'felemu yake, ndipo timiyala tija amatidula n'kutiyala m'kati mwake. Chikhale ndi zogwirira, ndipo chisalemere koti anthu awiri n'kulephera kuchinyamula. M'mphepete mwake pakani girisi, osamata simenti. Girisi amatsekereza fungo, komanso chivindikiro sichikakamira.

Za kumene madzi a mvula akulowera ndiye zofunika kuziganizira mofatsa. Bwalo lipendekere kutali ndi khoma la nyumba, kutsika ndi sentimita imodzi ndi theka kapena awiri pa mita iliyonse, ndipo madziwo apite kungalande. Ena amawalozetsa mu septic tank poganiza kuti akutsuka. Kumeneko n'kulakwitsa kwakukulu. Thankiyo imadzaza msanga, dzenje lomwetsa madzi limalephera kumwa, ndipo zonyansa zimasefukira pabwalo mpaka kwa oyandikana nawo kapena kuchitsime. Tonse tikukumbukira kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Matendawa amayenda ndi madzi oipitsidwa ndi chimbudzi.

Pamwamba pa septic tank si poimika galimoto, ngakhale pataoneka polimba chotani. Siyaninso mpata woti paipi ya galimoto yopopa zimbudzi izifika pachivindikiro, chifukwa thanki imafunika kupopedwa pakapita zaka zingapo. Mukatsegula, musalowemo, musaweramiremo, ndiponso musayatse machesi kapena fodya pafupi. Mpweya wa m'menemo umakomola munthu ndipo umatha kuyaka.

Mita ya madzi ndi potsekera pake nazonso zisakwiriridwe.

Ngalande ya m'mbali mwa msewu ndi ya anthu onse. Ngati mukufuna polowera galimoto pageti panu, ikani masilabu otheka kunyamula, kuti tsiku loyeretsa anthu achotse mchenga ndi mapulasitiki. Musanayambe ntchito yokhudza ngalandeyi, fikani ku ofesi ya zomangamanga kukhonsolo, kapena dzerani kwa khansala wa wodi yanu. Ngati m'dera lanu muli thanki yomwe ikusefukira kale, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo mvula isanayambe.