Thupi Lanu M'nyengo Yotentha

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo, makamaka ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Koma kunja kutenthe chotani, m'kati mwa thupi la munthu wabwinobwino mumakhala pafupi ndi madigiri 37. Kodi zimatheka bwanji?

Taonani mtsuko wadothi. Madzi pang'ono amatulukira m'timabowo ta dothi. Akamauma ndi mphepo amachoka ndi kutentha, ndipo madzi a m'kati amazizira.

Thupi lanu limachitanso chimodzimodzi. Mu ubongo muli kachigawo kamene kali ngati mlonda. Magazi akayamba kutentha, mlondayu amawatumiza ambiri kukhungu, ndipo thukuta limatuluka. Thukuta likamauma, thupi limazizira.

Komatu thukuta ndi madzi a m'thupi mwanu. Munthu wolima padzuwa angathe kutaya lita imodzi pa ola limodzi. Mtsuko wosathiramo madzi umauma. Inunso mukapanda kumwa, thupi limalephera kudziziziritsa.

Thupi limazolowera kutentha, koma pang'onopang'ono. Pamafunika masiku 7 mpaka 14. Likazolowera, thukuta limatuluka msanga ndiponso lambiri, mchere wotayika umachepa, ndipo mtima suthamanga kwambiri. Tsono mlendo wochokera ku Dedza akabwera kuchigwa, musamseke kuti ndi waulesi. Ayambe ndi ntchito yochepa, aziwonjezera tsiku ndi tsiku.

Chitani izi:
1. Lawirirani kumunda. Masana pumulani pamthunzi.
2. Imwani madzi pafupipafupi, osadikira ludzu. Thobwa ndi labwinonso, koma mowa umaumitsa thupi.
3. Onani mkodzo wanu. Ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi.
4. Samalani ana ndi okalamba. Mwana wosakwana miyezi 6 muyamwitseni pafupipafupi.

Kutentha kwa thupi kukapitirira madigiri 40, moyo uli pangozi. Munthu amasokonezeka mutu, amalankhula zosamveka, mwina kukomoka kumene. Msanga muikeni pamthunzi. Mmasuleni zovala, muthireni madzi ozizira thupi lonse, ndipo mumkupize ndi lichero. Wokomoka musammwetse kanthu. Thamangani naye kuchipatala, mukumuziziritsa njira yonse.

Mafunso
1. Kodi thukuta limaziziritsa bwanji thupi?
2. Thupi limatenga masiku angati kuti lizolowere kutentha?
3. Mnzanu atakomoka padzuwa, mungatani?