Tikufuna kukafika ku Zanzibar koma matumba athu ndi osiyana

Alangizi,

Ndine mtsikana wa zaka 24 ndipo ndimakhala ku Mzuzu. Ine ndi anzanga atatu amene tinaphunzira limodzi takhala tikusunga ndalama chaka chathunthu kuti tikaone dziko la Tanzania mpaka ku Zanzibar, aliyense kachikwama kake kumsana. Vuto ndi lakuti awiri ali pantchito, ine ndimagulitsa kaunjika, pamene winayo sanapezebe chochita. Tayamba kale kukangana. Ena akufuna hotela ya m'mbali mwa nyanja, ine ndikuopa kukasowa ndi ya basi yobwerera yomwe. Kodi ulendowu ungatheke osawononga zambiri komanso osadana?

Wofunsa, Mzuzu

Achemwali,

Ungatheke ndithu, ndipo mwachita bwino kukangana muli kwanu. Mkangano wa ndalama ukabuka muli kuchilendo, njala ili m'mimba, umapha chibwenzi. Choncho musanagule tikiti iliyonse, khalani pansi nonse anayi mugwirizane chinthu chimodzi: ulendowu uyendere thumba la amene ali ndi zochepa. Sonkhani mofanana ndalama ya mayendedwe, malo ogona ndi chakudya. Mmodzi asunge, wina azilemba m'kabuku chilichonse chimene chatuluka, ndipo madzulo aliwonse muziwerengera pamodzi. Wofuna zapamwamba alipire za m'thumba mwake popanda kukoka anzake. Ndalama yobwerera aliyense aibise payekha, ndipo isakhudzidwe zivute zitani.

Njira yanu ndi yodzera ku Karonga mpaka pachipata cha Songwe. Mukadinditsa mapasipoti n'kuwoloka mlatho, mwafika pa Kasumulu, pomwe mudzapeze maminibasi opita ku Mbeya kudzera ku Tukuyu. Pachipatapo anyamata osintha ndalama adzakuzingani. Sinthani ndalama zanu pamalo ovomerezeka, muwerenge mashilingi bwinobwino musanachoke. Musasiye juzi poganiza kuti Tanzania yense ndi wotentha, pakuti Mbeya ili kumapiri ndipo usiku kumazizira.

Kuchokera ku Mbeya kupita ku Dar es Salaam ndikulangizani sitima ya TAZARA. Njanjiyi, yotalika makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi m'dziko la Zambia, inamangidwa ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975. Ubwino wake ndi wakuti mumagona momwemo, ndiye usiku umenewo simulipira nyumba. Chipinda cha kalasi yoyamba chimagona anthu anayi, kotero mukasungitsa malo msanga chingakhale chanu chokha. Sitimayi siyenda tsiku lililonse ndipo imachedwa kawirikawiri, choncho funsani kusiteshoni za tsiku lonyamuka ndipo musapanikize masiku anu.

Samalaninso ndi nthawi. Wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi, komanso m'Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira kutuluka kwa dzuwa. Wina akakuuzani kuti basi inyamuka "saa mbili asubuhi", akunena 8 koloko m'mawa. Safunsa anadya phula.

Ndalama zambiri za apaulendo zimathera pakamwa ndi pamatakisi. Kwerani daladala, minibasi ya kumeneko, ndipo idyani kwa amayi ophika m'misika otchedwa mama ntilie. Mudzapeza mpunga wa nyemba, chipsi mayai ndi ugali, yomwe ndi nsima yathu yomwe, yolimbirapo chabe. Sankhani pamene pali anthu ambiri ndipo chakudya chikuchoka pamoto. Madzi akumwa gulani a m'botolo lalikulu muzigawana. Nyumba za alendo zotchipa zilipo, koma onani chipinda musanalipire: loko wa chitseko, bafa ndi neti ya udzudzu. Malungo a kugombe ndi omwewa a kwathu, ndipo wina akatentha thupi akayezetse tsiku lomwelo.

Ku Zanzibar ndiko kumadya ndalama. Boti lothamanga limatenga pafupifupi maola awiri kuchokera ku Dar es Salaam. Tikiti gulani pa ofesi yeniyeni, osati kwa oitanira a padoko. Pasipoti imafunikanso potsika, ndipo kuyambira Okutobala 2024 mlendo wochokera kunja amayenera kugula inshuwalansi ya ku Zanzibar, choncho iikeni m'bajeti. Pewani miyezi ya Malichi mpaka Meyi, nyengo ya mvula yambiri. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, ndiye chitenje chisachoke m'chikwama, muzivala modzilemekeza m'tauni.

Anzanu ofuna hotela auzeni kuti nyanja ndi imodzi. Mukagona ku Stone Town, daladala idzakufikitsani kumchenga masana, madzulo n'kukadya nsomba zootcha ku Forodhani. Koma ndalama imodzi musaiumire: yolowera ku tchalitchi cha Anglican ku Mkunazini, chomangidwa pamalo a msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873. Ambiri ogulitsidwa pamenepo anatengedwa m'madera ozungulira nyanja yathu, ena kudzera ku Nkhotakota. Iwo anafika kumeneko omangidwa ndipo ambiri sanabwerere. Inu mukaime pamenepo nonse anayi, kenako mubwerere kwanu muli anayi, mukulankhulana.

Alangizi